Kandulo Imene Lily Anaisunga

MUTU 6

1. Lonjezo la a Kaliati

Chaka cha 1950 chimanga chinacha bwino m'midzi ya m'tsinde mwa phiri la Michesi, koma anthu anali asanaiwale njala imene inali itangowasiya. Mayi akamapeta, njere yogwa pansi ankaitola. Mwana akataya chakudya, ankamuyang'ana ngati watukwana.

Pakhomo pa a Eneya Kaliati njalayo inatenga munthu mmodzi, mkazi wawo. Anasiya ana awiri: Lily, mtsikana wa zaka khumi ndi zinayi, ndi kamnyamata koyamwa. Kamnyamatako kanatsala mafupa okhaokha, koma kanatsitsimuka ndi phala la chimanga chachiwisi, motero mudzi wonse unkakatchula kuti Mondokwa. Dzina lake lenileni linkadikira ubatizo. Amene ankakalera anali a Belita, mkulu wawo wa malemuwo, amene Lily ankawatchula kuti amayi aakulu.

A Kaliati ankaweta njuchi, luso limene atate awo anabwera nalo kuchokera kudziko la Apwitikizi. Pa nthawi ya njala anthu anawagwetsera ming'oma yawo nadya uchi pamodzi ndi ana a njuchi omwe. Chimene chinawatsalira ndi phula la zaka zam'mbuyo, limene linali mumtsuko kuseri kwa chitseko. Iwo ankalitchula kuti sera, monga amanenera kwawoko.

Tsiku limene Mondokwa anadwalitsitsa, a Kaliati anagwada nalonjeza kwa Mulungu. Anati mwanayo akapulumuka, phula lonselo adzaumbira kandulo imodzi, ndipo kanduloyo izidzayaka m'tchalitchi Lamulungu lililonse kufikira tsiku la ubatizo wake.

Mwana anapulumuka, ndipo a Kaliati sanazengereze. Anasungunula phulalo, nalisefa pa chiguduli, napota chingwe cha thonje la m'munda mwawo, nalithira mumpaka wa nsungwi yaikulu. Atang'amba nsungwiyo munatuluka kandulo yonenepa ngati musi, yotalika kuchokera pachigongono kufika kunsonga ya zala. Inali yachikasu, yonunkhira uchi.

Koma analibe mwayi woiyatsa okha. Mbuzi zawo zonse zinapita ndi njala, ndipo anali atalembetsa ntchito yodulira tiyi ku Mulanje. Gulu lawo linkanyamuka Lachisanu m'mawa.

2. Malangizo

Lachinayi masana a Kaliati anaitana mwana wawo pakhonde. Kanduloyo inali pamiyendo pawo. Kuseri kwa nyumba anzake a Lily ankasewera phada, ndipo kuseka kwawo kunkamveka.

"Khala apa, Lily, ndipo makutu akhale kuno," anayamba. "Iyi si nyali ya palafini yoti uziyatsa ndi kuzima mmene wafunira. Uikulunge m'nsalu iyi, uziika pamthunzi, pamwamba pomwe makoswe safika, chifukwa sera amamukonda kuposa mtedza. Ikachita zoyera kunjaku ngati yathiridwa ufa, usaope, sinaole. Uipukute ndi nsalu, iwalanso. Usanayatse uzidula chingwe, chitsale chachifupi ngati chikhadabo. Usaiike pafupi ndi zenera, mphepo ingadye mbali imodzi. Pozima usauzire ndi pakamwa. Upinde chingwe ndi kamtengo, uchimize m'phula losungunukalo, kenaka uchidzutse."

"Inde, atate."

"Sindinathe. Chachikulu ndi ichi. Tsiku loyamba kuyatsa usadzafulumire kuzima. Mapemphero adzatha, anthu adzatuluka, iwe udzakhale. Udzayang'ane phula losungunukalo. Lidzayamba kadontho kozungulira chingwe, nkumakula pang'onopang'ono. Udzadikire mpaka litafika m'mphepete monse, monga madzi amadzazira mbale. Pamenepo ndiye uzime. Kandulo ili ngati madzi a mvula: pomwe adutsa tsiku loyamba ndi pomwe amadutsa masiku onse. Ukaizima msanga idzangokumba pansi, m'mbalimu osakhudza, ndipo mapeto ake idzamira yokha. Ndikudziwa kuti kudikirako nkotopetsa. Koma kuona maso a nkhono nkudekha. Wamva?"

"Ndamva, atate."

"Ndanena chiyani?"

"Makoswe. Ndi zenera."

"Ndi chiyaninso?"

Lily anakanda m'mutu. "Ndi mbale. Ndidikire mbale idzaze."

A Kaliati anamuyang'ana kanthawi, kenaka anampatsa kanduloyo ndi manja awiri.

M'mawa mwake anamanga kamtolo kawo. A Belita anatuluka ndi Mondokwa kumsana kudzatsanzikana nawo.

"Muyende bwino, alamu. Musakaiwale kuno mukakaona akazi a kuesiteti."

"Ndikaona tiyi yekha, alamu. Ndidzabwera ansembe akadzayandikira kufika." Anagwira phazi la mwanayo, natembenukira kwa Lily. "Iwe, uisunge bwino kanduloyo."

A Belita sanamve nawo za pakhonde zija. Anamva mawu omalizawa okha, ndipo anawasunga.

3. Lamulungu loyamba

Tchalitchi cha m'mudzimo chinali chofolera ndi udzu, mipando yake zipika. Ansembe ankafikako mwa apo ndi apo kuchokera kumishoni. Masabata ena onse mapemphero ankatsogolera aphunzitsi a Howard Makina.

Lamulungu limenelo a Makina anauza mpingo za lonjezo la a Kaliati. Lily anadula chingwe, nayatsa ndi khala limene anabwera nalo m'phale. Lawi linaimirira, lowongoka, lopanda utsi. Fungo la uchi linadzaza m'katchalitchimo, ndipo amayi ena anang'ung'udza mosangalala.

Mapemphero anatha dzuwa lisanafike pamutu. Anthu anatuluka. Lily anasuzumira pakanduloyo. Phula losungunuka linali lisanapose dzira la nkhunda.

Tsidya la mtsinje ng'oma zinayamba kulira. Kunali gule wa tchopa, woyamba kuvinidwa chithereni njala. Rosemary, mnzake wa Lily, anaima pakhomo.

"Tiye, iwe! Malo abwino atha."

"Ndikudikira kandulo."

"Ikupita kuti kanduloyo?"

"Ndikudikira idzaze."

"Idzaze chiyani? Aa, wakhala sisitere tsopano? Tikupeza ukadzalandira chophimba kumutu!" Rosemary anathamanga akuseka.

Lily anakhala pachipika. Anaimirira. Anakhalanso. Anawerenga abuluzi pakhoma mpaka anasokonezeka. Nthawi iliyonse akasuzumira, kadziwe ka phula kankaoneka ngati sikanasunthe. Ng'oma nazo zinkachita ngati zikumuitana dzina.

Dzuwa litafika paliwombo, pakhomo panada. Anali a Belita, Mondokwa ali kumsana.

"Ndiye uli muno! Ine ndikufunafuna mudzi wonse, madzi mulibe mumtsuko." Anaona lawilo, naima chilili. "Mayo ine! Ikuyakabe? Ukuunikira ndani, abuluzi?"

"Atate anati ndisazime msanga."

"Atate ako ndinawamva ndi makutu anga awa. Anati uisunge."

"Anatinso ndidikire mpaka..."

"Khala chete ndikuuze, pakuti iwe ndiwe wadzana." A Belita anakhala pachipika, nasendeza mwanayo kutsogolo. "Kusunga ndi kutani? Chaka chatha ndani anapulumuka? Amene ankadya mokhuta, kapena amene ankabisa ufa wa m'dzanja limodzi kuti ufike mawa? Ine ndinkawerenga njere, mwana iwe. Ndinkaphika madeya ndi mizu, nkumakuuzani kuti ndadya kale. Amayi ako akadakhala ndi kambale kamodzi kosunga, bwenzi lero ali pano. Chinthu chikatha chatha. Phula lina mulibe m'mudzi muno, ming'oma inagwa yonse. Ansembe sitikudziwa tsiku lobwera. Mwina mwezi uno, mwina mvula itagwa. Ukamaiwotcha chonchi masana dzuwa likuswa mtengo, m'nyumba mopanda munthu, idzafika tsiku la ubatizo? Ikadzatha usanafike ubatizo, lonjezo lasweka. Ndipo lonjezo losweka silipita kutali, limabwerera pamutu pa mwana amene analonjezeredwa. Ukufuna zimenezo?"

"Ayi, amayi."

"Ine sindizima, si yanga. Anakusiyira ndiwe. Koma ndanena."

Anaimirira natuluka, akudandaula za madzi.

Lily anatsala ndi mawu awiri, a atate ake ndi a amayi aakulu, ndipo onse anali mawu a akulu. Anayang'ana kanduloyo. Kadziwe kanali katafika pakati, kutali ndi m'mphepete. Atate ake anali ku Mulanje. Amayi aakulu anali panja. Tsidya lija ng'oma zinasintha mayimbidwe, anthu nakuwa.

Anatola kamtengo, napinda chingwe, nachimiza, nachidzutsa, ndendende monga anamuphunzitsira. Anakulunga kanduloyo, nakaiika pamwamba, nathamangira kumtsinje ndi mtsuko. Tchopa anamupeza asanathe.

4. Chitsime

Lamulungu lotsatira kanduloyo inayaka bwino, ndipo Lily anaizima mapemphero atangotha. A Belita anamuyamikira panjira. "Waona? Sinafupike nkomwe. Imeneyi ifika ndi Khirisimasi yomwe."

Zinalidi zoona kuti siinkafupika. Kunja inali yathunthu ngati tsiku loyamba. Koma pakati panali kadzenje, ndipo sabata iliyonse kankazama. Phula losungunuka linkafika pamalire a tsiku loyamba lija nkuima pomwepo, ngati pali mpanda.

Posakhalitsa lawi linalowa m'dzenjemo. Okhala kumbuyo sankaliona konse. Anyamata anayamba kunong'onezana.

"Kandulo ya a Kaliati ili ndi manyazi ngati mkwatibwi."

"Ayi, ikukumba chitsime. Chilimwe chino titunga pompa."

Lily anamva zonsezo. Tsiku limenelo anaganiza zotsata mawu a atate ake. Anthu atatuluka anakhala, nadikira mpaka mimba inalira. Sizinathandize. Lawi linkangosungunula pansi, phula nkumakwera m'dzenjemo, chingwe nkumafupika. Kenaka lawilo linaphethira kawiri, nkuzima lokha.

Anayatsanso. Linazimanso.

"Iwe kandulo, ukufuna chiyani kwa ine?" anatero mokweza, mawu ake namveka m'tchalitchi mopanda anthumo.

Anaipendeketsa, nakhuthulira phula lamadzilo pansi. Chingwe chinaonekera, ndipo atayatsa lawi linaimirira lalitali. Lily anapuma. Anaona ngati wapeza mankhwala.

Kuyambira pamenepo ankachita zomwezo. Lawi likayamba kufooka pakati pa nyimbo, ankanyamuka mwakachetechete, nkukhuthulira phula pa tsamba la nthochi. Mapemphero akatha, Wilson, mnyamata woyimba ng'oma za tchopa, ankamudikira panja.

"Mlongo, timatope timeneti ukutaya? Ndipatse ndikamate pang'oma. Ng'oma yopanda phula imalira ngati chitini."

Lily ankampatsa, pakuti ankaona ngati ndi zinyalala. Dzenje linkapitirira kuzama. Makoma ake anatsala aatali, opyapyala pamwamba, ndipo poyatsa ankachita kulowetsa udzu woyaka, zala nkumapsa.

Tsiku lina a Makina anamuimitsa pakhomo.

"Lily, ndalandira uthenga. Ansembe afika Lamulungu likudzali, ndipo ndatumiza mawu kwa atate ako. Tandionetsa kanduloyo."

Anaisuzumira ngati munthu wosuzumira mumtondo, napukusa mutu.

"Mwana wanga, ine za phula sindizidziwa, ndipo sindikunamiza kuti ndikudziwa. Koma za ana ndimazidziwa. Mwana akaona kuti chinthu chalakwika, amafuna kuchikonza yekha mobisa, akulu asanaone. Nthawi zambiri kukonzako ndi kumene kumaononga koposa kulakwa koyambako. Mbale yong'aluka pang'ono imasungabe ndiwo, koma ukaimenya kuti mng'alu utsekeke, utola zidutswa. Usaigwirenso kanduloyi. Uikulunge, udikire mwini wake. Adzakalipa, inde, koma kukalipa sikupha munthu. Ubatizo sulephereka chifukwa cha kandulo. Ansembe amayenda ndi zawo zoyera."

"Koma lonjezo, aphunzitsi?"

A Makina anamubwezera kanduloyo. "Lonjezo ndi la atate ako ndi Mulungu. Ine sindingalowepo."

Madzulo ake Mondokwa anayamba kukhosomola. Chinali chifuwa wamba cha fumbi la chilimwe, koma a Belita anayang'ana Lily, Lily nayang'ana pansi.

5. Pathanthwe

Lachinayi m'mawa Lily anatsitsa kanduloyo. Anakumbukira mawu a aphunzitsi, koma chifuwa cha mwanayo chinkamveka kuchokera m'nyumba. Anaganiza kuti akadula makoma aataliwo, chingwe chidzakhalanso pamwamba, ndipo atate ake adzangoona kandulo yofupika.

Anatenga mpeni wosendera chinangwa, napita kuseri kwa nkhokwe. Phula linali lolimba. Anakanikiza. Mpeni unaterereka, ndipo kunamveka kuti thwa! Mng'alu unatsika kuchokera pamwamba mpaka pakati.

Lily analuma mlomo. Anayesa kuphatikiza ndi zala, koma mng'aluwo unkatseguka akangosiya.

Pamenepo anakumbukira kuti phula likafunda limafewa ngati dongo. Kumbuyo kwa mudzi kunali thanthwe limene amayi ankayanikapo ufa. Mwezi wa Okutobala thanthwelo linkatentha moti munthu sakanapondapo wopanda nsapato. Anaimika kanduloyo pamenepo. Anati aidikire ifewe pang'ono chabe, aitseke mng'alu, adule makoma, aibwezere pamthunzi.

"Lily! Lily iwe!"

Anali a Belita.

"Ndikubwera, amayi!"

"Ukubwera liti? Mbuzi za a Thomson oyandikana nafewa zalowa m'dimba, zikudya mpiru! Thamanga!"

Anathamanga. Mbuzizo zinali zisanu, ndipo iliyonse inali ndi maganizo akeake. Akatulutsa iyi, iyo yabwerera. Atatha anapeza kuti mpanda wagwa, ndipo a Belita anati aumange pompo. Atamanga anamutuma kukapempha mankhwala a chifuwa kwa mayi wina kumapeto kwa mudzi. Mayiyo anali wokonda nkhani, ndipo sakanapereka muzu asanafunse za aliyense.

Pamene Lily ankafika pathanthwe, dzuwa linali litapendeka.

Kanduloyo sinali chiimire. Inali itawerama ngati nkhalamba, kenaka nkugwa cham'mbali. Mbali yokhudza mwala inali itaphwatalala, phula lina litayenderera m'ming'alu ya thanthwe. Mbali inayo inali itamatirira mchenga, mankhusu ndi nyerere. Ataigwira, zala zake zinalowa.

Sanalire. Anakhala pansi, nayamba kutola nyerere imodziimodzi, ngati kuti zimenezo zikanathandiza.

6. Mwini wake

Anakulunga chimene chinatsalacho m'nsalu nabwerera. Asanafike pakhomo anamva mawu a mwamuna. Atate ake anali atakhala pakhonde, fumbi lili mpaka m'mawondo, Mondokwa ali pamwendo pawo. Dzanja lawo lamanja linali lokulungidwa ndi nsanza mpaka m'chigongono.

Lily anagwada patali.

"Mwafika, atate?"

"Ndafika. Uli bwanji?"

"Ndili bwino. Dzanjalo latani?"

"Mpeni wodulira tiyi. Unaphonya nthambi." Anayang'ana nsalu imene inali m'manja mwake. "Bwera nayo."

Lily anayenda ndi mawondo, naiika patsogolo pawo. A Kaliati anafunyulula ndi dzanja lamanzere. A Belita, amene ankabwera ndi madzi akumwa, anaima pakati pa bwalo.

"Mayo! Chimenechi nchiyani?"

A Kaliati anaitembenuza, nalowetsa chala m'dzenje lija mpaka chinabisika chonse.

"Tsiku loyamba unazima nthawi yanji?"

"Mbale isanadzaze."

"Unaiwala?"

"Sindinaiwale."

"Alamu, musandiyang'ane ine," analowerera a Belita. "Ine ndinangobwereza mawu anu. Munati aisunge. Kapena simunatero? Ine sindinamuuze kuti akaiyanike pathanthwe ngati ufa."

"Ndinaterodi, alamu."

"Ndiye kusunga ndi kuwotcha?"

"Ufa umasungidwa posaudya. Kandulo imasungidwa poiyatsa mokwanira. Mawu ndi amodzi, zinthu nzosiyana." Anatembenukira kwa Lily. "Koma iwe ndinakuuza zonse ziwiri. Amayi akowa anamva theka, iwe unamva zonse. Munthu akakuuza zosiyana ndi zimene unamva kwa mwini chinthu, sulimbana naye, koma suthamangiranso kuchita. Umamufotokozera mpaka amve. Akakana, umati, 'Pepani, ndidikira mwini wake.' Zimenezo si mwano. Iwe unasankha mawu amene anali pafupi ndi kumene mtima wako unkafuna kupita. Kunali chiyani tsiku limenelo?"

"Tchopa," anayankha Lily motsitsa.

"Tchopa."

Anainyamula kanduloyo m'dzanja, naiyesa kulemera kwake.

"Dzenje likadakonzeka. Mng'alu ukadakonzeka. Ngakhale mchengawu ndikhoza kuusefa, nkuumba ina. Koma iyi yapepuka. Phula lina lili kuti?"

"Lina lalowa m'thanthwe."

"Lina?"

"Ndinkakhuthula. Ndinkapatsa Wilson."

"Wilson wa ng'oma?"

"Inde."

A Kaliati anatseka maso kanthawi. "Ndiye kuti sera amene ndinalonjeza kwa Mulungu akuvinitsa anthu tsidya lija."

A Belita anafuna kuseka, koma anadzigwira pakamwa. Mondokwa anakhosomola, ndipo kusekako kunathera pomwepo.

"Tsopano titani, alamu?" anafunsa ndi mawu ena. "Kwatsala masiku atatu okha kuti Lamulungu lifike. Muumbe kakang'ono komweko. Mulungu saona kukula."

"Mulungu saona kukula, koma ine ndikudziwa chimene ndinanena. Ndinati phula lonse. Lija latayika ndiyenera kulibweza."

"Mulitenga kuti? Ming'oma inatha."

A Kaliati anakweza maso kuphiri. Dzuwa lamadzulo linali litafiiritsa matanthwe a pamwamba pa Michesi.

"Ulipo umodzi umene anthu sanaupeze. Uli m'mwamba muja, kuseri kwa thanthwe logawanika, pa mtengo wa mbawa. Ngati njuchi zilimobe, zisa zake zikwana."

"Ndi dzanja limenelo? Simungagwire ndi khasu lomwe."

"Sindingakwere, nzoona."

"Tumani mnyamata."

"Mnyamata akadziwa njira, mawa mudzi wonse wadziwa, mng'oma nkutha. Ndiponso si mnyamata amene anapatsidwa kandulo."

A Belita anayang'ana a Kaliati, nayang'ana Lily, naika chikho pansi.

"Ayi, alamu. Ayi. Mwana wamkazi kukwera mtengo wa njuchi? Zinamveka kuti? Uyu amathawa ndi mavu omwe! Mwana wa mng'ono wanga ameneyu, simungapite naye kukamuphetsa."

"Sindimukakamiza. Mufunseni."

Onse awiri anamuyang'ana. Lily anayang'ana phirilo, nayang'ana kamnyamata kamene kankaseweretsa nsanza ya padzanja la atate ake.

"Mtengowo ndi wautali bwanji?" anafunsa.

"Ukauona."

A Kaliati analowa m'nyumba, natuluka ndi chingwe chachitali cha luzi ndi mtolo wa udzu wofukizira utsi. Anaziika pamiyendo pa Lily. Chingwecho chinali cholemera kuposa mmene chinkaonekera.

"Tinyamuka tambala woyamba akalira," anatero. "Ukasamba usadzole mafuta. Njuchi zimadana ndi fungo."